Uchi wa Rozimare

"Imwani, Ababa, ngakhale pang'ono pokha," anatero Chisamba ataimirira pambali pa bedi, tambula ya madzi ili m'manja.

Atelala anayang'ana tambulayo, kenaka anatembenukira kukhoma. "Ika pamenepo, ndimwa."

"Ndi zomwe munanena m'mawa. Ya m'mawa ija siyi ili apa, mwagwera ndi ntchentche yomwe."

"Ndiye kuti ntchentcheyo ndi imene inali ndi ludzu."

Chisamba sanaseke. Anali mwana woyamba kubadwa pakhomopo, ndipo dzina loti Chisamba linamukanirira mpaka imvi zitayamba kumera. Kutali kumene ankakhala anali mphunzitsi wamkulu, woti akangokhosomola pakhonde la sukulu ana ankathamangira okha m'kalasi. Koma bambo ake, amene dera lonse linkangowatchula kuti Atelala chifukwa cha ntchito yawo yosoka, sanali mwana wasukulu. Mkuluyu akafuna kukana chinthu sankakweza mawu. Ankavomera bwinobwino, basi osachita.

Chimwalirire akazi awo m'nyengo yozizira, Atelala anayamba kufota pang'onopang'ono. Makina osokera anawafunditsa nsalu. Chakudya ankangolawa, koma madzi ndiye ayi ndithu. Tsopano kunja kunali dzuwa loswa mtengo, ndipo tsiku lina anachita chizungulire n'kugwa pakhomo la bafa. Kuchipatala dokotala anawatsina khungu la padzanja, khungulo n'kukhala chiimire ngati nsalu yopinda ndi simbi. Anati thupi lauma, ndipo mankhwala ake ndi kumwa basi.

Chisamba anapempha tchuthi n'kubwera, ndipo atangofika anagamula mlandu. Tchuthi chikatha bambo asanayambe kumwa, awatenga akakhale nawo kwake, kunyumba yosanja yopanda bwalo, kumene akakhoza kuwayang'anira ndi maso ake. Atelala atamva anamwaza maso m'chipindamo. Nyumba yawoyi anaimanga ndi singano, njerwa imodziimodzi, ndipo m'chipinda chomwecho ndi mmene akazi awo anatsirizikira. Kuchokamo ankakuopa kwambiri, koma mantha amenewo sanawapatse ludzu.

Masana kunabwera Mzime, mlongo wake wa Chisamba wotsiriza kubadwa, amene anali makaniko kutsidya lina la tauni. Analowera kukhitchini monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kuvundukula mapoto asanapereke ndi moni womwe.

"Samba m'manja kaye, iwe! Girisi ameneyo ukufuna tidye ndife?"

"Ameneyu sachoka, achemwali, ndinabadwa naye. Akulu aja amwa?"

"Akumwa ndi maso."

Mzime anakhala pakampando kofupika mwendo umodzi, kamene amayi awo ankakhalira posenda ndiwo, n'kumadzigwedeza uku ndi uku. Maso ake anakaima pa shelefu ya pamwamba pa sinki, pamene panali mzere wa mabotolo opanda kanthu, fumbi lili mbuu.

"Komatu achemwali, tandiuzani. Chibadwire chanu, munawaonapo Ababa akumwa madzi osathira kanthu?"

Chisamba anatembenukira kushelefu kuja. Nayenso anayang'ana mabotolo aja.

Pakhomopo ankautcha uchi wa rozimare, ngakhale kuti njuchi sizinkaudziwa n'komwe. Unali shuga wosungunulira m'madzi pamoto, wonunkhiritsa ndi rozimare, chitsamba cha timasamba tosongoka chimene amayi anabzala kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mpopi. Kanthambi koyamba anachita kupatsidwa ndi mayi wina amene anadzasoketsa diresi, ana onse asanabadwe. Kukatentha, amayi ankathira supuni ya uchiwo m'tambula, kufinyiramo ndimu, kudzaza madzi ozizira, n'kupita nayo kuchipinda chosokera. Makina ankasiya kulira kanthawi, nyumba yonse n'kumva supuni ikugunda m'tambula. Kukazizira uchi womwewo unkalowa m'tiyi. Ana akamachokera kusukulu ankapikisana kunyambita supuni, ndipo Mzime anamenyedwapo kangapo atapezeka botolo lili kukamwa. Analiponso makasitomala ena amene ankabwera kudzayeza jekete yomwe anaiyeza kale dzulo lake, maso ali kukhitchini.

Botolo lomaliza linatha masiku a maliro. Anamwa ndi anthu odzapepesa, ndipo panalibe amene anaganiza kuti ndi lomaliza.

"Ndi shuga, madzi ndi masamba basi," anatero Chisamba akupinda manja a bulauzi. "Chovuta n'chiyani pamenepo?"

Anatuluka ndi mpeni. Chitsamba chija chinali chitawirira mpaka kutseka kanjira ka kumpopi, chifukwa panalibenso wochidulira. Atangochigwira, fungo lake linamukwera m'mphuno, ndipo linali fungo lenileni la manja a amayi ake, lija ankalimva akamamuluka tsitsi pakhonde. Mtima unamuwawa mwadzidzidzi. Anadzidzudzula yekha n'kuyamba kudula nthambi zikuluzikulu, zokhwima, ngati akutema nkhuni.

Chisamba sankakhulupirira chinthu chimene sichinawire mokwanira. Mkaka ankauwiritsa kawiri, ndipo ndiwo zamasamba zikadutsa m'manja mwake zinkatuluka zitaiwala mtundu wake. Choncho anaponya nthambi zonse m'poto, pamodzi ndi shuga ndi madzi, n'kuzisiya zikubwadamuka mpaka mawindo a khitchini atachita thukuta. Zimene anasefa zinali zakuda mobiriwira.

"Ababa, tapanga uchi uja."

Kwa nthawi yoyamba chifikire iye, Atelala anatembenuka msangamsanga, mpaka kudzuka ndi chigongono. Analandira tambula ndi manja awiri, anapsontha kamodzi, nkhope yonse n'kukwinyika.

"Ndakulakwirani chiyani ine, kuti mundipatse mankhwala a malungo?"

Mzime analawako, n'kuthamangira panja kukalavula. "Achemwali, musataye," anakuwa ali kumpopi. "Ndikatsukira injini!"

Chipongwe cha Mzime sichinamukhudze Chisamba, anachizolowera. Chimene chinamulasa ndi mmene bambo ake anadzukira mwachiyembekezo, ndi mmene anagoneranso pang'onopang'ono.

M'mawa mwake Mzime anabwera atasamba m'manja ndithu, foni ili patsogolo ngati tochi.

"Lero mukhale pansi muphunzire, aphunzitsi. Pano akuti kapu ya shuga, kapu ya madzi. Shuga akasungunuka, phulani. Masamba amalowa poto ali pansi, osati pamoto, apo ayi amawawa. Ndiponso amafuna nsonga zanthete, osati mizati munadula dzulo ija."

"Ukamaliza ulaliki wakowo utsuke poto."

Anachitadi monga mmene foni inanenera, ndipo kunena chilungamo, uchi wake unatuluka bwino. Unali woyera mbee, wonunkhira mofatsa, wotsekemera mosapyola. Chisamba analawa, anasowa poupezera chifukwa, zimene zinamuwawa pang'ono. Anapita nawo onse awiri kuchipinda, Mzime atanyamula thireyi ndi dzanja limodzi ngati weta wa kuhotela.

Atelala anapsontha, anasunga madziwo m'kamwa kanthawi, n'kumeza.

"Uli bwino," anatero. "Uli bwino kwambiri. Muwasungire alendo."

"Chasowa n'chiyani, Ababa?" anafunsa Mzime, thireyi itatsika.

"Palibe chasowa, mwanawe. Kungoti si uja."

Masiku otsatira khitchini inasanduka kalasi yoyeserera. Anawonjezera ndimu, anachepetsa ndimu. Anasintha poto. Anaimbira azakhali awo, mlongo wa Atelala, amene analumbira kuti malemu ankathiramo jinja. Mayi woyandikana nawo nyumba anati ayi, ankathiramo makoko a lalanje, anaona ndi maso ake. Onse awiri ankanena molimba mtima, ndipo onse awiri ankanama. Atelala ankalawa chilichonse mwaulemu, n'kuika tambula pambali. Milomo yawo inayamba kusweka, ndipo popita kubafa ankagwira khoma.

Tchuthi chinatsala pang'ono kutha. Litatsala tsiku limodzi, Chisamba anakwera pampando n'kutsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Anapinda malaya a bambo ake pabedi la m'chipinda china, mwakachetechete, kuti eni ake asamve. Malaya onsewo anali osoka okha, mabatani ake olimba ngati anasokedwa dzulo. Atatopa ndi kupinda anapita kukhitchini, nati ayese komaliza, kuti mawa asadzadziimbe mlandu.

Panali kanthu kamodzi kamene anakumbukira usiku wa dzulo lake. Amayi sankathira madzi onse nthawi imodzi. Ankayamba ndi shuga ndi timadzi tochepa tongonyowetsa, ketulo ili pambali ikuwira, madzi enawo n'kudzathira pambuyo. Sankadziwa ngati zimenezo zinali ndi tanthauzo, komabe anachita chomwecho. Anaika poto pamoto, anatereka ketulo, ndipo nthawi yomweyo anamva Mzime akuitana m'kati mwa nyumba, ndi mawu opanda nthabwala.

"Achemwali! Sutikesi iyi ndi ya ndani?"

Anakumana m'kanjira ka pakati pa zipinda, pafupi ndi chitseko cha bambo awo.

"Tsitsa mawu. Ukudziwa kale kuti ndi ya ndani."

"Ndimayesa mumangowaopseza."

"Ine sindiopseza munthu. Wawaona milomo? Wawaona mmene akuyendera?"

"Ndiye mukawatsekere kumwamba kuja, inu m'mawa ulendo wa kusukulu, iwo atsale akuwerenga magalimoto pawindo? Kumeneko samudziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Mukawapha, achemwali."

"Ndikawapha ine?" anatero Chisamba. "Iwe umakhala m'tauni momwe muno. Anauma chonchi uli kuti? Unkabwera kudzavundukula mapoto, osaona kuti bambo ako akutha?"

Mzime anakhala ngati wamenyedwa mbama. "Ndinkabwera tsiku ndi tsiku. Amayi akudwala, ankawanyamula kupita kuchipatala ndani? Inu munkangoimba foni n'kumalamula. Kulamula ndiye mumatha."

"Ukanakhala iwe wamkulu ukanadziwa mmene zimawawira kumva zonse pafoni!"

Apa onse awiri anaiwala zotsitsa mawu. Zinatuluka zakale ndi zatsopano, za amene anachedwa kufika, za amene sanalire pamaliro, mpaka za njinga imene Mzime anathyola ali mwana. Aliyense ankalankhula osamva mnzake, misozi ili m'maso, chifukwa onse awiri ankaopa chinthu chimodzi ndipo panalibe wofuna kuchitchula.

"Phulani poto!"

Mawuwo anachokera kuseri kwa chitseko, ndipo anali amphamvu moti ana aja anatembenukira kuchitsekoko.

"Ndati phulani poto, shuga wafika pake ameneyo! Mukachedwa awawa!"

Pamenepo m'pamene Chisamba anamva fungo. Linali litadzaza kanjira konse, fungo la shuga amene wayamba kupserera. Anakuwa n'kuthamangira kukhitchini, Mzime pambuyo. Timadzi tija tinali titauma, ndipo shuga anali atasungunuka yekha n'kufiira ngati tiyi wopanda mkaka, m'mbali mwa poto mukutuluka kautsi.

"Mayo ine, ndapsereza!" Anagwira poto ndi kansalu n'kulunjika kusinki.

"Ukataya ameneyo undidziwa."

Atelala anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja limodzi lili pafelemu, pijama ili lendelende. Chimwalirire akazi awo anali asanapondemo m'khitchinimo. Mzime anathamanga kukawagwira, n'kuwakhazika pakampando kofupika mwendo kaja.

"Ika pansi poto. Iwe Mzime, tenga ketulo. Uthire pang'onopang'ono, nkhope kutali, amalavula ameneyo. Amayi anu anali ndi timabala padzanja lamanja, munkayesa n'chiyani?"

Madzi otentha atangogwera m'poto, munalira phokoso loti tchwee, nthunzi n'kukwera mpaka kudenga. Shuga anagwirana n'kuuma ngati siwiti. Chisamba anayang'ana bambo ake mokayika.

"Bwezera pamoto, uzitakasa, asungunuka yekha. Usafulumire, si mayeso awa."

Anatakasa mpaka zonse zinasungunuka. Atelala anatuma Mzime kukathyola nsonga za rozimare, ndipo atabwera nazo anazilandira okha, anazitikita pang'ono m'manja n'kuzinunkhiza nthawi yaitali, maso atatsinzina. Kenaka anauza Chisamba kuti aphule poto, aponyemo masambawo, avundikire ndi mbale.

"Tsopano titani?" anafunsa Mzime.

"Tsopano tidikire uzizire. Pamenepa m'pamene amayi anu ankabwera kudzamaliza kundikalipira."

Ana aja anayang'anana. Chisamba anakhala pa ndowa yovundikira, Mzime anatsamira sinki, ndipo Atelala anayamba kufotokoza, maso ali pambale yovundikira poto ija.

"Tsiku loyamba zinangochitika. Tinali tikukhala m'kachipinda kamodzi, makina apa, mbaula apo pakhonde. Ndinali ndi suti yofunika mawa lake, ulusi n'kukana kulowa pasingano. Ndinawaitana kuti adzandithandize. Anabwera, analowetsa, kenaka tinayamba kukangana za kolala, iwo akuti yapendama, ine ndikuti ili bwino. Pomwe ankakumbukira poto, shuga anali atafiira. Anakuwa kuti, mwandipserezetsa shuga, bambo inu! Kutaya sakanatha, zinthu zinali zovuta masiku amenewo. Anathira madzi momwemo. Nditalawa ndinati, uwu ndiye uchi."

"Ndiye anayamba kupanga choncho?" anafunsa Chisamba.

"Iwo aja? Amayi anu akanavomera kuti chinthu chopserera n'chokoma? Anati sadzabwerezanso. Ndiye ine ndinkatchera khutu. Ndikangomva poto wagunda pachitofu ndi supuni ikukanda shuga, ndinkasolola ulusi pasingano n'kuitana."

Mzime anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ababa! Zaka zonse zija? Inu amene munkalowetsa ulusi osayang'ana n'komwe?"

"Amayi sanazindikire?" anafunsa Chisamba.

"Akanalephera bwanji? Munthu uja ankadziwa ndi chimene ndikuganiza ndisanaganize. Koma ankabwerabe, akung'ung'udza njira yonse kuti, maso amenewo mudzagulitse mugule ena. Ankalowetsa ulusi, n'kukhala pamulu wa nsalu, n'kuyamba kundiuza za inu, za anthu a kutsidya, za mitengo ya zinthu. Fungo likafika ankadumpha n'kuthamanga, mlandu n'kukhala wanga. Sanalephere ndi tsiku limodzi lomwe kundiimba mlandu umenewo."

Chisamba anakumbukira. Anawaonadi amayi ake kambirimbiri akuthamanga m'kanjira kaja, nsapato imodzi itatsalira, akukuwa za shuga. Iye ali mtsikana ankachita nazo manyazi, n'kumati amayi ndi osasamala, ndipo analumbira kuti m'nyumba mwake simudzapserera kanthu. Anasungadi lumbirolo.

"Nanga bwanji simunatiuze, Ababa? Tavutika masiku onsewa."

"Ndikanakuuza kuti chiyani? Kuti upsereze shuga? Ukanandimva iwe?" Atelala anamwetulira pang'ono, kenaka kumwetulirako kunazilala. "Komanso ndinkaona ngati uchi umenewu unapita nawo. Sunali wa munthu mmodzi. Wina amaika poto, wina amaitana. Ndiye ine ndikanaitana ndani?"

Mzime anatembenuka n'kuyamba kutsuka supuni imene inali yotsuka kale.

Poto atazizira, Chisamba anasefa uchiwo n'kuuthira m'botolo limodzi la pashelefu paja, atalitsuka bwinobwino. Unali wofiirira, ndipo atauona pawindo anadabwa kuti anaiwala bwanji mtundu umenewo, iye amene anakula akuuona tsiku ndi tsiku. Anathira supuni m'tambula, Mzime anafinyiramo ndimu, anadzaza madzi a m'firiji.

Atelala anapsontha kamodzi. Anapsonthanso, kenaka anakweza tambula n'kumwa osapumira, kholingo likukwera ndi kutsika, misozi ikuyenderera m'masaya mpaka m'ndevu. Sanaipukute. Atamaliza anatambasula dzanja.

"Wachepetsa ndimu. Thira ina."

Tsiku limenelo anamwa kangapo, ndipo madzulo anapempha tiyi. Koma Chisamba sanali munthu wosintha chigamulo chifukwa cha tsiku limodzi. Dzuwa litapendeka anawapeza pakhonde atakhala pampando wawo wakale, nakhala pafupi nawo.

"Botolo limeneli litha, Ababa. Likatha ndiye bwanji?"

"Ndipanga lina."

"Inu? Ndi manja akunjenjemerawa, ndi madzi otentha?"

"Ketulo azigwira mlongo wakoyu, amabwera kale kudzavundukula mapoto. Ine yanga ndi mphuno." Anamuyang'ana Chisamba m'maso. "Mwana wanga, ndikudziwa kuti ukuopa. Ndakuvutitsa, pepa. Koma usandichotse pano. Ukadzamva kuti ndasiyanso kumwa, udzabwere ndi sutikesi yako, sindidzakana."

Chisamba anayang'ana Mzime, amene anaima pakhomo akupukuta manja.

"Ndizigona konkuno masiku ena," anatero Mzime. "Ndipo achemwali, zija ndinanena m'kanjira zija..."

"Zisiye. Nanenso ndinanena zanga."

M'mawa mwake Chisamba anakwera basi yekha. Njira yonse mtima unali m'mwamba, akudzifunsa ngati sanachite zopusa kukhulupirira nkhalamba yamakani ndi makaniko wanthabwala. Atafika kwake ankaimba foni m'mawa ndi madzulo, funso lili limodzi lomwelo, loti mwamwa kangati. Atelala ankayankha mwachidule, ngati mwana amene akufunsidwa za homuweki.

Patapita masabata angapo, foni yake inalira nthawi yopuma, ali mu ofesi akusayina makalata. Ataona kuti ndi bambo ake, anaiyankha mwachangu, chifukwa mkuluyu sankaimba yekha.

"Ababa, kwagwanji? Mwagwa?"

"Palibe wagwa. Botolo latha, ndiye ndaika poto pamoto. Mzime ali kukhitchini ndi ketulo yake, ine ndakhala kuno kumakina. Tandiuza nkhani."

"Nkhani yanji? Lero mwamwa kangati?"

"Osati zimenezo. Nkhani. Za kumeneko, za anthu ako, zilizonse."

Chisamba anaika cholembera pansi. Zaka zonsezi ankaimba foni kuti afunse kapena kulangiza, ndipo sankakumbukira tsiku limene anangocheza ndi bambo ake. Anayamba mokakamira, za mphunzitsi watsopano amene ankaopa ana a kalasi yake, mpaka tsiku lina anabisala m'chipinda chosungira mabuku. Atelala anaseka, nafunsa kuti mnyamatayo amavala jekete yotani, chifukwa munthu wovala jekete yomukulira ana samuopa. Iye anatsutsa, iwo anaumirira, ndipo posakhalitsa anali akukangana ndithu za mapewa a jekete ya munthu amene Atelala anali asanamuonepo.

Belu linalira panja. Ana anayamba kuthamanga pakhonde, ndipo wachiwiri wake anasuzumira pakhomo atanyamula mafayilo.

"Ababa, belu lalira, ndiyenera kupita."

"Usadule kaye, mwana wanga. Shuga sanafiire."

Chisamba anakweza dzanja kuuza wachiwiri wake kuti adikire panja. Anatseka chitseko, anakhalanso pansi, n'kupitiriza nkhani ya jekete.